Belu Lachikondwerero pa Maliro a Constance

Munthu amene anakhalako ku Bangwe zaka za m'ma 80 n'kumati a Malizani Namakhwa sankawadziwa, ameneyo ankagonereza Lamulungu. Anali amuna aafupi, a miyendo yamatewe, ndipo jekete anali nalo limodzi la khaki limene anapuma nalo pa ntchito ya umesenjala m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe. Anapalasa njinga ya bwana zaka makumi awiri ndi zitatu, kukasiya makalata, kukatenga makalata, koma iwo eni akati awerenge ankachita kulondola ndi chala. Kwawo kunali ku Chiradzulu. M'tauni anabwera ali anyamata kudzafuna ya suti. Sutiyo sanaipeze. Anapeza mkazi, ana asanu, ndi nyumba ya zidina kumtunda kwa msika.

Atapuma ntchito, tchalitchi chathu chaching'ono cha Akatolika chinawapatsa udindo woliza belu. Ndikati belu musayambe kuganiza za mkuwa. Inali rimu ya lole, yomangidwa ndi waya pa nthambi ya mango, ndipo cholizira chake chinali bawuti lalitali ngati mkono. Koma a Malizani akamapita pamtengopo ankayenda ngati akukalandira mendulo. Malamulo a belu anali m'mutu mwawo. Lamulungu, loyamba ndi lachiwiri. Pa Pasaka ndi pa ukwati, lofulumira, losapumira, loti ngakhale agalu adziwe kuti kuli zabwino. Pa maliro, kamodzi, ngwee, n'kudikira kulirako kuthe kokha, kenaka kamodzinso.

Chaka cha 1987, mvula ili pakati, anapeza munthu pakhonde la tchalitchi. Nkhalamba yaitali ngati mlongoti, korona m'khosi, thumba la sowo ndi hamala atalikumbatira.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero a Malizani.

Mlendoyo anavula chipewa, nachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyankha mawu ambirimbiri okhala ngati munthu akutafuna mtedza wotentha.

Anaitana akatekisiti a Herbert, amene ankatsogolera mapemphero chifukwa ansembe ankabwera kamodzi pamwezi. A Herbert anayesa Chingerezi, osaphula kanthu. Anaitana amayi a Chilomwe, palibe. Anaitana Msena wa ku njanji amene ankadzitama kuti amadziwa Chipwitikizi, koma zinapezeka kuti ankadziwa zotukwana zokhazokha, moti mlendo uja anachitanso chizindikiro cha mtanda. Mpaka a Hamis atelala, Asilamu, anasiya makina awo n'kudzayesa Chiyao ndi Chiswahili.

"Munthu wanuyu ndi wa kutali," anatero a Hamis. "Ndipo khutu lake ili ndi lakufa. Mukungotaya malovu."

Zimene zinadziwika tsikulo zinali zitatu: dzina lawo anali a Ambrosi, ankathawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo kwawo kunali kumwera kwenikweni, kumene chinenero chake palibe wa ku Bangwe anachimvapo.

Othawa nkhondo malo awo anali ku kampu, kumalire. A Ambrosi analibe pepala la ku kampu, analibe khadi la chipani, ndipo masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ayufi, anyamata a chipani, ankaima pakhomo. Tcheyamani wa komiti ya tchalitchi, a Maxon, analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani. Iwo anayang'ana mabenchi athu ogwedera, nayang'ana sowo ija, n'kunena kuti, "Agone m'kachipinda kosungira matsache. Ali m'manja mwa mpingo. Tsiku limene mpingo udzawataye, lole ya ku kampu siisowa."

Motero a Malizani anapeza mnzawo wa ntchito. Kusesa limodzi, kunyamula mabenchi limodzi, kuthira laimu makoma limodzi. Ndipo kucheza kwake! Masana ankakhala pansi pa mango paja, chimanga chootcha atagawana pakati. A Malizani alankhula Chinyanja mpaka mpweya kuwathera, a Ambrosi akugwedeza mutu. Kenaka a Ambrosi alankhula zakwawo, a Malizani akuvomera, "Eetu. Zoona zimenezo. Anthu ake ndi omwewo." Nthawi zina ankaseka mpaka kugwirana manja, wina akuseka za mbuzi, wina mwina za sitima.

"Kodi mumakambirana chiyani ndi munthu ameneyu?" anafunsa tsiku lina akazi awo, mayi a Selina.

"Za amuna."

"Akumva?"

"Amamva kuposa inu."

Chimene sanawauze akazi awo n'chakuti m'Bangwe monse a Ambrosi okha ndiwo anali munthu woti ungamudandaulire. Zaka zimenezo ngakhale m'bale wako unkamuyang'ana kawiri usanatsegule pakamwa. Koma kwa a Ambrosi a Malizani ankakhuthula zonse: za makhadi ogulitsa mpaka mwana ali m'mimba, za mazira a mphatso osonkhedwa mokakamiza, za mimba ya a Maxon. Akakanene kwa yani? M'chinenero chanji?

A Ambrosi belu ankalidziwa, zinkaoneka kuti kwawo analizapo. Anatola chidutswa cha njanji, nachipachika pafupi ndi rimu ija, ndiye belu lathu linakhala la mawu awiri, rimu kulira ngwee, njanji kuyankha nding. Malamulo a a Malizani anawagwira msanga. M'chaka chimenecho munagwa maliro atatu a akuluakulu, ndipo onsewo a Ambrosi analiza bwinobwino, kamodzikamodzi, chipewa chili pansi. Musaiwale zimenezi, chifukwa ndi zomwe zinadzawapachika.

Selina, mwana woyamba wa a Malizani, anali ndi khanda la miyezi inayi, dzina lake Constance. Pa ubatizo wake a Ambrosi ndiwo anasema kampando kakang'ono koti adzakhalire akadzakula. Mwanayo anadwala chifuwa masiku atatu, ndipo Lachinayi m'mawa, dzuwa litangotuluka, anamwalira kuchipatala. A Malizani pobwerera kunyumba anadzera kutchalitchi. Anapeza a Ambrosi akusesa. Anapinda manja ngati onyamula khanda, natseka maso awo ndi zala, naloza belu. A Ambrosi tsache linawagwa. Anawagwira mapewa kanthawi, n'kugwedeza mutu kuti amva.

A Malizani anali atangofika pakhomo pawo, amayi atayamba kulira m'nyumba, pamene belu linayamba.

Ngwee nding nding, ngwee nding nding, ngwee nding nding! Lofulumira, losapumira. La Pasaka lenileni.

Kulira m'nyumba kunaduka. Kumsika anthu anayang'anana. Amayi ena a kutsidya kwa mtsinje anathamangira kutchalitchi atavala zitenje zatsopano poganiza kuti kwabwera abishopu mwadzidzidzi, mmodzi anafika akululutira. Belu likupitabe. A Malizani anaima pabwalo kukamwa kuli yasa. Poyamba anati mwina manja awo ananena zolakwika. Anabwerezanso okha pomwepo, kupinda manja, kutseka maso. Ayi, palibe angaone zimenezo n'kuganiza ukwati.

"Mnzanu uja," anatero mayi a Selina atatuluka pakhomo, maso ali psuu. "Amamva kuposa ine uja. Mukumumva?"

Masana zinthu zinaipiraipira. A Ambrosi anatulukira pamaliro atasenza kabokosi kakang'ono, kopala bwino, kopaka laimu mbee, pamwamba ataikapo maluwa. Amayi anadzuka onse.

"Anakonzeratu!"

"Wadya mwana, tsopano wabweretsa mbale yake!"

Wina anaponya chikuni. A Ambrosi anaima, akuyang'ana uku ndi uku kufuna nkhope ya mnzawo. A Malizani anaiona nkhope yawoyo, koma anaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zawo. Nkhalamba ija inatembenuka ndi bokosi lake. Mwana anaikidwa Lachisanu m'bokosi logula ku Limbe.

Pochokera kumanda a Maxon anawakokera pambali. "Pepani, bambo Namakhwa. Nkhani iyi tiikamba Lamulungu tikatha mapemphero. Munthu wovina pa imfa ya mwana, dzina lake mukulidziwa, sindingalitchule pafupi ndi manda. Maliro ndi anu, mawu oyamba akhala anu. Mukangoti achoke, Lolemba ayufi amukweza."

Loweruka lonse m'mawa a Malizani mutu unali ngati msika. Akati munthuyu ndi mfiti, mfiti yanji yoliza belu kuti dziko lonse lidziwe? Akati sadziwa malamulo, nanga maliro atatu aja? Akati wapenga, wopenga amapala bokosi lolunga chonchija? Kenaka inabwera nkhawa ina: bwanji ngati munthuyu Chinyanja amamva, ndipo chaka chonsechi wakhala akusunga za mimba ya a Maxon?

Dzuwa litapendeka anavala jekete n'kupita.

Anapeza chitseko cha kachipinda chili chotsegula. A Ambrosi anali atakhala pansi penipeni, pa thumba. Bedi lawo, limene anadzikhomera okha ndi matabwa otsala a mabenchi, panalibe. Panatsala miyendo yake inayi itatsamira khoma. Kabokosi koyera kanali pakona. A Malizani anayang'ana miyendo ya bedi, nayang'ana bokosi, nayang'ananso miyendo.

"Achimwene," anatero, "ndinakulakwirani chiyani? Chimanga sitinkagawana? Mdzukulu wanga wamwalira, inu n'kuliza la ukwati? Tayankhani!"

A Ambrosi anayankha. Analankhula nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu. Ataona kuti sizikulowa, anawagwira dzanja n'kuwakokera m'tchalitchi, kutsogolo, pamene panali chithunzi chakale cha Amayi Maria ali pamitambo, tiana ta mapiko titawazungulira. Analoza kamodzi mwa tianato. Anapinda manja ngati onyamula khanda, nawakweza m'mwamba. Kenaka anachita ngati akuliza belu mofulumira.

"Kuti wapita kumwamba ndikudziwa," anatero a Malizani. "Katekisimu ndinaphunzira. Ine ndikufunsa za belu."

A Ambrosi anadzigunda pachifuwa. Anaonetsa zala zitatu. Anaika dzanja pafupi ndi pansi katatu, apa, apa, apa. Nachitanso ngati akuliza mofulumira, akulira ngati mwana.

A Malizani anakanda m'mutu. Ana atatu. Akewo? Anamwalira? Kapena akuulula kuti anadya atatu, Constance ndi wachinayi? Anayang'ana munthu uja bwinobwino, mphuno ikuchucha, mawondo oyera ndi fumbi la pansi pamene anagona masiku awiri. Anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, nadzithirira, ndipo dzanja lokha, mosafunsa mwini wake, linapereka kabotoloko kwa mnzawo. Anayetsemula onse awiri pamaso pa Amayi Maria. A Malizani anabwerera kwawo osadziwa kanthu kuposa mmene anabwerera.

Ndikuuzeni pano zimene iwo panalibe wowauza. Tinadzazimva patapita zaka ziwiri kwa ansembe ena amene anakhalitsa ku Mozambiki. Ku mishoni ya kwawo kwa a Ambrosi, mwana wobatizidwa akamwalira asanadziwe tchimo, salizirako belu la chisoni. Amati ameneyo walowa kale kumwamba, ndiye amamulizira lachikondwerero n'kumuika m'bokosi loyera. Ndi ulemu waukulu umene woliza belu angapatse khanda. A Ambrosi anachitira ana awo atatu zomwezo. Koma izi ndi za pambuyo. Lamulungu lija a Malizani analowa mu msonkhano m'mutu muli mdima wokhawokha.

Tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi, ena oti sitinawaonepo chibatizidwire. A Ambrosi anawakhazika pabenchi lakutsogolo okha, chipewa pamaondo. A Herbert anatsegula ndi pemphero lalifupi. A Maxon anafotokoza mlandu, nautambasula, naukometsera, kenaka anati, "Bambo Namakhwa, mawu ndi anu."

A Malizani anaimirira. Iwo eni ankanena pambuyo pake kuti poimirirapo sankadziwa chimene anene. Anaona mayi a Selina kumbali ya amayi. Anaona Selina atafunda chitenje kumutu. Anaona khosi lalitali la a Ambrosi kutsogolo, ndipo anaganiza za khosi limenelo lili pa lole, likugwedezeka mpaka kumalire, kopanda ndi mmodzi yemwe wogawana naye chimanga.

"Belu lija," anatero, "ndinawatuma ndine."

Mitu yonse inatembenukira kwa iwo. Kenaka phokoso.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Herbert.

"Ndinawatuma ndine. Ndinati lizani lofulumira."

"Chifukwa chiyani, bambo Namakhwa?"

Apa ndiye panavuta, chifukwa bodzalo anali asanalimangire denga. "Mutu unasokonezeka," anatero. "Komanso mwanayo anali wosekaseka. Ndinati apite ndi belu lomuyenera."

A Maxon sanali mwana. Anapinda manja pamimba paja. "Munawatuma m'chinenero chanji?"

"Chomwe timalankhulana masiku onse."

"Ndicho chiti?"

"Chathu."

"Chabwino. Atumeni pompano tione. Auzeni akatenge ndowa ya madzi. Manja anu akhale kumbuyo, osaloza."

A Malizani thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Anaika manja kumbuyo, napita kumbali ya khutu lamoyo, n'kukuwa kuti, "Achimwene! Ndowa! Katengeni ndowa ya madzi!" Ankayesa kuloza ndi nsidze, ndi milomo, ndi chibwano, nkhope yonse ikugwira ganyu.

A Ambrosi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo yamatewe ija, imene inkagundana ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Anadzuka, napita kuguwa, nanyamula mpando wa ansembe, uja wa khushoni wosakhalapo munthu wamba. Anauika kumbuyo kwa mnzawo, nawagwira mapewa, n'kuwakhazika pansi.

"Imeneyo ndi ndowa?" anafunsa a Maxon.

"Ndinasintha maganizo pakati," anatero a Malizani ali pampando wa ansembe. "Ndinawauza mpando."

"Tonse tamva mukuti ndowa!"

"Inu mwamva za Chinyanjazo. Zinazo simungamve."

Amene anayamba kuseka anali mayi wina wa kwaya, anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma zinatulukira m'mphuno. Kenaka benchi lonse, kenaka amuna. A Herbert anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Ndipo mukudziwa, anthu akaseka, ufiti umawathawa m'manja, sungamukweze pa lole munthu amene wangokuseketsa. A Maxon anaona kuti mphepo yatembenuka, koma tcheyamani sabwerera chimanjamanja.

"Ngati wolakwa ndi inu, chilango n'chanu. Miyezi isanu ndi umodzi osakhudza belu. Ndipo chokani pampando wa abambo."

"Nanga aziliza ndani?" anafunsa a Herbert.

Anayang'anana. M'tchalitchi monse wodziwa belu anatsala mmodzi, yemwe uja anthu anabwera kudzamuthamangitsa. Anamusiyira bawuti.

Kunyumba kunalibe woseka. Mayi a Selina anawaikira madzi osamba osanena kanthu, chakudya osanena kanthu, ndipo anakhala chomwecho mpaka mwezi unatha. Koma madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Selina anawapeza atakhala kuseri kwa nyumba.

"Bambo, munawatumadi?"

A Malizani anayang'ana pansi. "Ayi, mwanawe."

"Nanga analiziranji chonchija?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye mwawaikiranji kumbuyo?"

"Nazonso sindikudziwa bwinobwino. Koma popanga bokosi lija anaphwasula bedi lawo. Akugona pansi."

Selina anapotokola nsonga ya chitenje. Kenaka anati, "Mawa mukawathandize kubwezeretsa bedilo. Nkhalamba isagone pansi chifukwa cha mwana wanga."

Lolemba m'mawa, nthawi imene lole ikanabwera, anthu odutsa anamva kugogoda kuseri kwa tchalitchi. Anali awiri aja akuzula misomali m'kabokosi koyera, wina akulongosola m'Chinyanja mmene ntchitoyo iyenera kuyendera, wina akutsutsa m'chinenero chake. Koma thabwa ukalidula sulitalikitsanso. Bedi linatuluka lalifupi, loyera mbali imodzi. A Ambrosi anagonapo kuti ayese, miyendo inatsala panja kuyambira m'maondo. A Malizani anazungulira bedilo kawiri, n'kupita kukatenga ndowa, naivundikira kumapazi kuja.

A Ambrosi anagona pa bedi limenelo, mapazi pa ndowa, zaka pafupifupi zisanu, mpaka nkhondo itatha kwawo.